Msana Wanga Sunathyoke, Ndi Njinga Yogona

Moatize, Bairro Bagamoyo
Lachitatu, 17 Outubro 2018

Mana Deolinda,

Landirani moni wa mlongo wanu wosamva uja. Muli bwanji kumeneko? Amayi bondo lija likuwalola kupita kudimba? Nanga alamu ndi ana adzuka bwanji? Ine kuno ndili bwino, ndipo mawu amenewa muwerenge mokweza amayi ali pomwepo: ndili bwino. Msana ndi wanga womwe uja, chiuno chilipo, miyendo yonse iwiri ikugwira ntchito. Chotupa ndi mlomo wokha basi.

Kakalata kanu kandipeza dzulo masana, wandipatsa ndi kobradoro, kondakitala uja wa shapa, minibasi ya ku Zóbuè. Mukudziwa kuti sikola ndinaithawa ndili kinta kilase, kalasi yachisanu, kuwerenga kumandichedwetsa, koma kameneka ndinakawerenga katatu. Mwalemba kuti mudzi wonse wamva zoti chimwala chinandigwera ku mgodi n'kundithyola msana, ndipo tsopano ndikuyendera kanjinga ka olumala. Mwati amayi sakudya. Mwati a Baptista, amalume ake a Lizete, anabwera kudzanena kuti za ukwati zithe, chifukwa mkamwini wopanda chiuno alibe ntchito kumunda ngakhale m'nyumba. Ndiye mwati Lizete wakana kubweza chikole, wakangana ndi abale ake onse, ndipo akufuna kusiyira munthu wina malo ake ogulitsira mbatata pa furuntera, pamalire ndi Malawi paja, kuti Loweruka akwere shapa adzandisamale. Nditafika pamenepo ndinayamba ndaika pepala pansi, Mana.

Mu mgodi ine sindinalowemo ndi tsiku limodzi lomwe. Nkhani yonse ndi njinga. Khalani pansi ndikuuzeni, ndipo musang'ambe pepala musanalimalize.

Mukumukumbuka Mbrazileiro uja ndinkamutsukira galimoto ndi kumuthiririra maluwa, enjenyeiro wa ku malasha? Ntchito yake inatha mwezi wa Agosto, ndiye asanapite kwawo ankagulitsa katundu. Anthu anzeru anathamangira jeleira yoziziritsira zakudya, ena mbaula yamagetsi, ena matiresi. Mlongo wanu anathamangira chinthu chimene chinkakhala pakona mu garaja.

Ndi njinga, koma njinga yake yaulesi. Mawilo ndi atatu, awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo. Chishalo palibe. Pali mpando waukonde wopendekera chagada, ndipo uli pansi penipeni, matako ndi nthaka kusiyana kwake chikhatho chimodzi ndi theka. Zopalasira zili kutsogolo m'mwamba, ndiye umapalasa ngati khanda likukana thewera. Mahandulo ali m'mbali mwa ntchafu. Tcheni chake mukhoza kumangira mbuzi zitatu n'kutsalako. Mwini wakeyo ankaikwera Lamlungu m'mawa mkati mwa mpanda wawo momwe muli tara wosalala, ndipo ine ndikamathirira maluwa mtima unkachita kuwawa ndi kusirira. Anandiuza kuti kwawo ndi njinga ya anthu ozindikira, siipweteka msana, siipweteka matako. Ndinamuuza kuti malipiro a mwezi womaliza asavutike nawo, angondipatsa chinthucho. Anavomera ndisanatseke pakamwa, ndipo pamenepo ndi pamene munthu wa sikola akanadabwa.

Nzeru yanga inali yoti ndizigawira buledi wa ku padariya, kophikira buledi kuja, m'mabaraka, timagolosale ta m'mbali mwa msewu, ndili chigonere ngati bwana, anzanga akuthyoka misana pa njinga wamba. Ndinapita nayo kwa Tito, wowotcherera zitsulo wa pafupi ndi msika, kuti andiikire kaliyala kumbuyo. Tito anaizungulira kawiri n'kunena kuti zoterezi wakonzapo zambiri. Atangogunditsa ndodo yake yamoto, panatuluka bowo lolowa chala chachikulu. Kani chitsulo chake si chitsulo, ndi chija amapangira mapoto. Iye anangokanda m'mutu n'kunena kuti azungu amapanga zinthu zosalimba. Bowolo tinalimanga ndi timizati tiwiri, mabawuti ndi malegeni, ndipo mpaka lero likapeza dzenje limalira ngati mbewa.

Sindinalekere pomwepo, mukundidziwa. Kaliyala tinamanga ndi waya, pamwamba pake kreti ya buledi. Ndinaika kalilole wa njinga yamoto, hutala ya mphira, ndi kadenga ka thumba la ufa kotchinga dzuwa. Kumbuyo ndinaimika nsungwi yaitali yokhala ndi kansanza kofiira kuti a makamiyau, malole akuluakulu aja, azindiona. Pa kreti ndinalemba ndi penti kuti BWANA AKUPUMA. Itatha inkaoneka ngati khola la nkhunda lomwe lamera mawilo, koma ine ndinkaiona ngati ndege.

Tsiku loyamba pamsewu ndi lomwe ndinadziwa kuti njinga imeneyi anapangira dziko lomwe amasesa. Kuno, Mana, nkhope yako imakhala pa msinkhu wa zonyansa zonse za Moatize. Kamiyau ikamadutsa, paipi yake ya utsi imaloza m'kamwa mwako mwenimweni. Mawilo awiri akutsogolo aja ntchito yawo ndi kukutapira fumbi la malasha n'kukuthira m'maso, moti pofika madzulo ukalavula umalavula inki. Ngalande ya kuseri kwa msika, ija amatayamo madzi a nsomba ndi zina zosatchulika, munthu wa njinga wamba amangokweza miyendo n'kudutsa. Ine ndimasambamo. Agalu a ku Bagamoyo kale ankaluma akakolo, ine amandipeza pakhutu, ndipo wina wachikasu anandinyambita tsaya ndikudikira kuti sitima idutse. Mumsika simuona nkhope ya munthu, mumangoona matako a anthu, ndipo si onse amene amasamala za amene ali pansi. Msana umanyowa n'kumatirira pa ukonde ngati nyama pa waya wowotchera. Pa malomba, zitunda zija amaika pamsewu, pansi pake pamakhula mpaka mano kuchita dzanzi.

Telefoni yanganso ndi momwe inapitira. Ukagona chagada miyendo ili m'mwamba, zonse za m'thumba zimatsetsereka zokha. Inagwa pa msewu waukulu osamva, pobwerera ndinapeza kamiyau itaisandutsa chikondamoyo. N'chifukwa chake masabata atatuwa simunandipeze. Sindinali m'chipatala monga akunenera.

Tsopano ndafika poipa. Ndikanatha kukubisirani, koma mukanadzamvabe.

Sabata yoyamba yomweyo, nditaima pamsika, mayi wina wogulitsa nsomba anandiyang'ana mwachisoni n'kundiponyera kandalama pamimba. Ndinamumva akuuza mnzake kuti taonani mwana wabwinobwino mmene mgodi wamuchitira, sangathenso kukhala tsonga. Miyendo ikupalasa pamaso pake, koma iye anali atagamula kale kuti chathyoka ndi msana. Kuno aliyense amadziwa kuti njinga ya mawilo atatu ndi ya wolumala, ndiye nkhani inathera pomwepo. Ine chinandigwira ndi chiseko. Ndinati obrigado mama ndi mawu a munthu wodwala, kuti madzulo ndikaseketse anzanga.

Kenako zinayamba kukoma. Ku padariya anthu ankandipatsa mpata kuti ndilandire poyamba, buledi n'kundiikira okha mu kreti. Eni mabaraka ankatuluka kudzatenga okha, ena kuwonjezera madzi ozizira. Wapolisi wina wa pamsewu, amene kale ankandivutitsa pa njinga yakale, anaimitsa magalimoto kuti ine ndidutse. Pakamwa panga sipanatuluke mawu oti ndine wolumala, zimenezo ndilumbira. Ndinkangokhala osadzuka. Ndikafuna kudziwongola ndinkapita kuseri kwa padariya komwe kulibe anthu.

Ndiye linafika tsiku la njanji. Pali njira yachidule yodumpha njanji popita ku Liberdade, ndipo njingayi singakwere pamenepo. Masiku ena ndinkayang'ana uku ndi uku, n'kudzuka, n'kuinyamula. Tsikulo panali azibambo anayi onyamula katundu pa siteshoni, ndipo ndisanaganize n'komwe anali atandinyamula kale, ine, njinga ndi buledi, dzuwa lili pamutu, thukuta likuchita kugwera pa ine. Ndinkamva kukoma ngati mkwatibwi. Atangonditsitsa tsidya linalo, ndinamva munthu akuitana dzina langa. Anali Aníbal, dalaivala wa kamiyau wa kwathuko, mwana wa a katekista uja. Anatsika akuthamanga, anagwada pambali panga, anandigwira dzanja, misozi ili mbwembwembwe, akufunsa kuti zachitika liti.

Mana, muganize bwino pamenepa musanandiweruze. Kumbuyo kwanga kwaima azibambo anayi, aliyense dzanja lake ngati fosholo, akupumira m'mwamba chifukwa chondinyamula. Ndikanadzuka pamenepo, msana ukanathyokadi. Ndiye ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndi za Mulungu, achimwene." Mawu anayi okha. Ndinati ndimupeza madzulo ndimuuze zoona, koma iye anali atatsitsa kale katundu n'kubwerera. Za chimwala ndi mgodi wawonjezera yekha panjira, kapena mwawonjezera kumeneko, pajatu nkhani ikadutsa pa furuntera siilipira msonkho.

Ndinadziuza kuti ndikagula telefoni ndidzakonza zonse. Masiku anapita, buledi akuyenda bwino, ine osadzuka.

Amene anandichotsa kukoma konse ndi a Firmino, osoka nsapato pakhomo la msika. Iwowo miyendo yonse iwiri inatsalira pa bomba la pansi chaka chomwe anthu ankabwerera kuchokera ku Malawi, ndipo amayendera njinga ya mawilo atatu yeniyeni, yopukusa ndi manja. Ndinkakonda kuima pafupi nawo pamthunzi, n'kumawatcha akolega, anzanga a ntchito imodzi. Sabata yatha anandikodola. Ndimayesa akufuna buledi. Anayankhula motsitsa, maso ali pa nsapato yomwe ankasoka:

"Iwe mwana wa ku Zóbuè, ndinakuona kuseri kwa padariya ukudumpha ngalande. Ine ndikafuna kupita kuchimbudzi cha pamsika pano ndimayamba kuganiza m'mawa. Usadzaimenso pamthunzi wanga."

Sanauze munthu aliyense, ndipo chimenecho ndi chomwe chinandipweteka kwambiri. Bola akanakuwa. Mawa lake, ndi uchitsiru wanga, ndinapita kukawauza kuti njingayo atenge ikhale yawo. Anandifunsa ngati azipalasa ndi mano.

Dzulo nditawerenga kalata yanu ndinathamangira kwa Tito, poti ndi yekhayo amene ankadziwa zonse. Iye anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anati nkhaniyi ndi yosavuta. Anati Lizete abwere, andipeze ndili chigonere, andisamale sabata imodzi. Lamlungu linalo tipite kwa mneneri wina wa ku Matundo amene amachiritsa ndi mafuta, iyeyo akangondigwira pamutu ine ndidzuke n'kuyamba kuvina. Mneneri atchuka, a Baptista achita manyazi, Lizete adzakhala akuuza zidzukulu kuti anapirira mpaka Mulungu anayankha. Anati palibe amene angaluze.

Ndikuuzani zoona, Mana, ndinaiganizira nzeru imeneyi masana onse, ndipo inkandikomera. Ndinafika poyeserera mmene ndidzanjenjemerere podzuka. Kenako ndinaona m'maganizo Lizete akundisambitsa, akunditembenuza pamphasa, akutaya madzi anga, mtsikana amene wakangana ndi amalume ake chifukwa cha ine, ine n'kumabuula mwabodza. Ndinadzinyansa kuposa ngalande ya kuseri kwa msika. Iyo bola siinamiza munthu, imanunkha poyera.

Ndiye lero m'mawa ndapalasa mpaka pakati pa msika, pamzere wa nsomba, ndaima, ndatsitsa miyendo, ndaimirira. Msika wonse unatembenukira kwa ine. Kenako agogo ena ogulitsa masamba anayamba nthungululu, akuti chozizwitsa, ena awiri anayamba kale nyimbo ya tchalitchi. Taonani tsoka langa, ngakhale kulapa kumafuna kundisandukira phindu. Ndinachita kukweza manja kuwaletsa, n'kunena kuti palibe chozizwitsa, msana sunathyokepo, ndinkangowapusitsa. Mayi wa kandalama uja anadzuka. Anatenga beseni la madzi otsukira nsomba n'kundikhuthulira kumutu. Wina amene sindinamuone anandipatsa chibakera pamlomo, ndipo sindikufuna kumudziwa, anachita bwino. A Firmino sanadzutse n'komwe mutu. Mwini padariya wati ndipume kaye sabata ino mpaka anthu aiwale, ndipo azibambo a ku siteshoni ndamva kuti akundifunsa. Paja amati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Yanga yafika.

Njingayo ndaikankhira kuseri kwa nyumba, ndaivundikira ndi chiguduli. Palibe amene akuifuna. Wogula zitsulo zakale wati achotse kaye malegeni ndi waya aone ngati patsale kanthu. Nkhuku za eni nyumba zayamba kale kuikira pampando paja, ndipo ndi zokhazo zomwe zaipezera ntchito yoyenera.

Pempho langa ndi limodzi, Mana, ndipo ndi inu nokha mungalithe. Kalatayi ikufikani mawa Lachinayi. Musadikire Lachisanu. Mupite pa furuntera mukamupeze Lizete asanapereke malo ake kwa munthu, chifukwa malo a pamenepo akapita sabwerera, ndipo iye anawavutikira zaka ziwiri. Mumutengere pambali, osati pamaso pa anzake ogulitsa, ndipo musatume mwana kapena alamu. Mumuuze zonse monga ndalembera pano. Musandikometsere. Ndikukudziwani, muyamba zoti Aníbal ndiye anamva molakwa. Aníbal sanalakwe, anamva zimene ndinamuuza. Mumuuze za kandalama, za azibambo anayi, ngakhale za mneneri wa ku Matundo. Ngati afuna kuwerenga yekha mumupatse pepalali, iye sikola anapita nayo patali kuposa ine.

Kwa a Baptista musapiteko kaye. Iwowo akamva kuti chiuno chilipo asangalala, abwera okha ndi mano panja ngati si iwo amene anathamangira kuthetsa ukwati asanatume n'komwe munthu kudzandiona. Nawonso andinyansa, koma mlandu wawo ndi waung'ono poyerekeza ndi wanga. Iwo anakana munthu wolumala. Lizete anavomera munthu wolumala, ndipo munthu ameneyo kulibe. Amene alipo ndi wabodza wa miyendo iwiri, ndipo sindikudziwa ngati ameneyu angamufune. Chikole chija anachikaniza kwa amalume ake, koma akafuna kuchibweza tsopano, mulandire ndi manja awiri, musamunyengerere. Ali ndi chifukwa.

Lizete mumuuze chomaliza ichi. Safunikanso kubwera kudzasamala munthu. Koma ngati afuna kubwera kudzanditukwana pamaso, kapena kudzamalizitsa mlomo wam'munsiwu poti wam'mwamba watupa kale, Loweruka ndikhala pa parajemu, potsikira anthu paja, kuyambira shapa yoyamba mpaka yomaliza. Akatsika, ndimva zonse zomwe anganene osayankha, ngakhale mukudziwa kuti kwa ine chimenecho n'chovuta kuposa kulima. Akapanda kutsika, sindidzafunsa chifukwa, ndipo inu musadzamufunse.

Amayi muwauze adye. Muwauze kuti mwana wawo sanalumale, ndi wopusa chabe, ndipo matenda amenewo akhala akuwadziwa kuyambira ndili wamng'ono. Ndikadzabwera adzandikalipire ndili chogwada. Moni kwa alamu a Filipe, muwauze asaseke kwambiri. Moni kwa amalume ku Nkondezi, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu anga onse, Márcia ndi mng'ono wake. Aníbal mumupepesere, misozi yake inali yeniyeni.

Tsalani bwino, Mana. Kalatayi ikangokufikani, muthamangire pa furuntera.

Ndine mlongo wanu,
Ivandro